MWANA AYAMBE WAMVA FUNSO ASANASANKHE YANKHO

Caka ciri conse, pamene dzuwa la mwezi wa Okutobala lafika pa ukali wace ndipo alimi ali kusosa m'minda kuyembekezera mvula yoyamba, ana a Giredi 7 m'dziko lonse la Zambia amakhala ali kukonzekera mayeso amene amatsegula kapena kutseka khomo la sukulu ya sekondale. Pakati pa mapepala amene anawa amalemba pali limodzi limene makolo ambiri a kumidzi salidziwa bwino, ngakhale kuti liri ndi mbali yaikulu pa tsogolo la mwana. Dzina lace ndi Special Paper 1. Pepala limeneli silifunsa dzina la mtsinje kapena caka cimene tinalandira ufulu. Limayesa ngati mwana adziwa kuganiza ndi mau, ndiko kuti kumva funso, kuona m'mene mau agwirizanirana, ndi kupeza yankho mwa nzeru zace. Mau athu lero ndi akuti luso limeneli silipezeka m'masabata awiri otsiriza ndipo siligulidwa ndi ndalama. Limamera pang'onopang'ono, ndipo mbeu yace iri m'cinenero cimene mwana amalankhula pakhomo pa atate ndi amai ace.

Tiyeni tiyambe takumbuka kumene tacokera. Pamene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, ana a dziko lino amene anali ndi madigiri a pa yunivesiti anali pafupifupi 100 cabe. Kucokera nthawi imeneyo nkhondo yolimbana ndi umbuli sinaleke. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, masukulu a sekondale anamangidwa m'maboma, ndipo mu 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12 ndi kulemba nchito aphunzitsi atsopano oposa 30,000. Ana amene anali atakhala pakhomo cifukwa ca kusowa ndalama anabwerera m'makalasi. Koma kulowa m'kalasi ndi kwina, kuphunzira ndi kwinanso. Kuyambira mu 2023 boma linathetsa mwambo wakuti mwana ali yense wolemba mayeso a Giredi 7 apitirire ku kalasi lotsatira ngakhale sanakhoze, ndipo m'caka cimeneco pafupifupi ana 30 pa ana 100 ali onse amene analemba sanapambane. Ndiponso malo a m'masukulu ogonera komweko, monga Chizongwe, St Monica's, Chassa ndi ena a m'cigawo ca Kum'mawa, amapita kwa ana amene apeza malikisi apamwamba. Motero nkhaniyi si ya aphunzitsi okha iai. Ndi nkhani ya banja liri lonse limene liri ndi mwana ku pulaimale.

Mayesowa amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1983 ndi kuyamba nchito yace mu 1987. Mwana amalemba Cingerezi, masamu, sayansi, cinenero cimodzi ca m'Zambia monga Cinyanja, ndi maphunziro ena. Pamwamba pa izi pali mapepala awiri apadera. Loyamba ndilo la kuganiza ndi mau, ndipo laciwiri ndi la kuganiza ndi zithunzi ndi zojambula. Kwa zaka zambiri malikisi a mapepala awiriwa akhala ali kuwerengedwa pamodzi ndi a maphunziro ena posankha ana opita ku sekondale. Pa funso liri lonse mwana amapatsidwa mayankho anai, A, B, C ndi D, ndipo amadetsa ndi pensulo malo a yankho limodzi pa pepala limene limacongedwa ndi makina. Makina alibe cisoni. Sadziwa kuti mwana uyu ndi wanzeru m'kalasi, kapena kuti anayenda makilomita asanu ndi njala. Amaona pamene pensulo yadetsa basi. M'cipinda cimeneco mulibe mphunzitsi womasulira funso. Mwana ali yekha ndi mau.

MAFUNSO ACE NDI OTANI?

Kuti makolo amvetse, tiike zitsanzo za mafunso a mtundu umenewu m'Cinyanja. Loyamba: mbuzi ndi khola, nanga mbalame ndi ciani? Mwana afunika kuona kuti khola ndi mogona mbuzi, ndipo pamenepo adzapeza kuti yankho ndi cisa, osati nthenga kapena dzira, ngakhale kuti zonsezi ndi za mbalame. Laciwiri: pa mau awa, cimanga, mapira, mawere, khasu, ndi liti limene siligwirizana ndi anzace? Zitatu ndi mbeu, cimodzi ndi cipangizo. Lacitatu: ngati dzana linali Lolemba, mkuja ndi tsiku lanji? Mwana ayenera kupeza poyamba kuti lero ndi Lacitatu, kenaka kuwerenga masiku awiri kutsogolo kufika pa Lacisanu. Palinso mafunso ofuna mau otsutsana kapena ofanana tanthauzo, ondandalika mau potsata alifabeti, ndi ena obisa mau m'zilembo zosinthanitsa.

Onani kuti pa mafunso onsewa palibe limene yankho lace lingalowezedwe pamtima. Caka cino afunsa za mbuzi, caka ca mawa adzafunsa za njuci ndi mng'oma. Mwana woloweza mayankho a caka catha adzaima kakasi, koma mwana wozolowera kufunsa kuti "zinthu ziwirizi zigwirizana bwanji?" adzayankha funso limene sanalionepo cibadwire. Onaninso kuti pakati pa mayankho anai aja, ena amaikidwa dala kuti akope mwana wofulumira. Amaoneka okoma poyamba, koma paja akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mwana afunika kuphunzira kuwerenga mayankho onse anai asanadetse limodzi.

Tsopano tifunse: kodi kuganiza kotere ndi kwacilendo pakati pathu? Iai, ndi pang'ono pomwe. Madzulo ana akakhala pamoto, wina nati "Cirapi!" anzace nayankha "Nacize!", iye nati "Nyumba yanga yopanda khomo," ana aja ali kucita nchito yomweyo imene pepala lija lifuna. Ali kufunafuna cinthu cofanana ndi nyumba pa mbali imodzi, popeza m'kati mwace mukhala camoyo, koma cosiyana nayo pa mbali ina, kufikira atapeza dzira. Gogo akaponya mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga, mdzukulu afunika kucoka pa denga ndi kufika pa tanthauzo lobisika la kuthandizana. Mwana akafunsidwa kuti mwana wa mlongo wa amai ako umuitana kuti ciani, ali kutsata mzere wa maganizo monga m'funso la dzana ndi mkuja. Makolo athu analibe mapepala a mayeso, koma anali ndi sukulu ya kuganiza, ndipo sukulu imeneyo inali pabwalo, pamtondo ndi pamoto.

Cotidetsa nkhawa ndi cakuti m'midzi yambiri zirapi, nthano ndi miyambi ziri kuzirala. Madzulo akulu ali pa foni, ana ali kumsika kuonera mafilimu, ndipo kuceza kwa banja kwacepa. Makolo ena amaganiza kuti popeza iwo sadziwa Cingerezi, alibe cothandiza naco mwana pa mayeso. Maganizo amenewa ndi olakwa. Inu amai ndi atate amene simunapite patali ndi sukulu, muli naco cuma cimene mwana wanu asowa. Muponyereni cirapi. Akatha kumva nthano, mfunseni cifukwa cace Kalulu anacita zimene anacita, ndi cimene cikanacitika akanapanda kutero. Pobwera kucokera kumsika, muuzeni afotokoze zimene waona mwa dongosolo, coyamba, caciwiri ndi cotsiriza. Ndipo mwana akakufunsani kuti "cifukwa ninji?", musamukalipire kuti ndi wamwano. Safunsa anadya phula. Mwana woletsedwa kufunsa pakhomo sadzadziwa kulifunsa funso la pa pepala.

MLATHO WOPITA KU CINGEREZI

Komabe tisabise coonadi. Pepala la Special Paper 1 limalembedwa m'Cingerezi, ndipo mwana wa ku Chadiza, Katete kapena Vubwi amakumana ndi Cingerezi m'kalasi mokha. Wa ku Petauke amalankhula Cinsenga pakhomo, wa ku Lundazi Citumbuka, motero ena ali ndi mitsinje iwiri yooloka. Nkhani ya cinenero cophunzitsira yasinthasintha m'dziko lino. Mu 1965 boma linagamula kuti ana aziphunzira m'Cingerezi kuyambira Giredi 1. Mu 2014 zinenero zathu zinayamba kugwiritsidwa nchito pophunzitsa kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya mu 2023, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, yabwezera Cingerezi pa malo oyamba, koma ilola mphunzitsi kumasulira zobvuta m'cinenero cimene ana amva. Pa kusintha konseku cinthu cimodzi sicinasinthe: mwana wosamva zimene awerenga sangapambane. Kafukufuku wa PISA wa maiko otukuka kumene, amene anacitika muno mu 2017, anapeza kuti pa ana a sukulu 100 a zaka 15, asanu okha ndiwo anafika pa muyeso woyambira wa kuwerenga momvetsa. Ciwerengero cimeneci ciyenera kutisowetsa tulo tonsefe.

Njira yoolokera ndi galamala, ndiye kuti malamulo a kamangidwe ka cinenero. Ana ambiri amaopa liu limeneli monga ngati ndi cirombo, koma mwana wa zaka zisanu adziwa kale galamala yozama. Amati "mwana wabwino wabwera" ndi "ana abwino abwera," amati "cingwe cacitali caduka" ndi "zingwe zazitali zaduka," ndipo salakwitsa. Palibe anamuphunzitsa pa bolodi kuti mau a m'ciganizo ayenera kugwirizana, koma khutu lace lidziwa. Nchito ya mphunzitsi ndiyo kumuonetsa mwanayo cimene adziwa kale, ndi kumulozera pamene Cingerezi citsata njira ina.

Malo amene ana athu amapunthwa ndi odziwika, ndipo ali ndi zifukwa zace. M'Cinyanja kuculuka kwa zinthu kumaoneka kumayambiriro kwa liu, monga munthu ndi anthu, cinthu ndi zinthu. M'Cingerezi kumaoneka kumapeto, ndipo kacilembo ka "s" kamasamuka: timati "the boy runs" koma "the boys run." Mwana wozolowera kuchera khutu kumutu kwa liu saona zimene ziri kumcira, kufikira wina atamuuza kuti ayang'ane kumeneko. M'Cinyanja liu lakuti "iye" liimira mwamuna ndi mkazi yemwe, koma Cingerezi cisiyanitsa "he" ndi "she." Ife timati "ndibwereke khasu" ndiponso "ndabwereka khasu," liu limodzi kwa wopatsa ndi wolandira, pamene Cingerezi ciri ndi "lend" ndi "borrow." Liu lathu lakuti "kumva" ligwira nchito ya "hear," "feel" ndi "understand." Ndipo timau "a" ndi "the" tiribe anzace m'cinenero cathu. Mwana akalakwa pa malo amenewa si kuti ndi mbuli. Ali kutsata lamulo la cinenero ca kwao pa malo pamene lamulolo siligwira. Mphunzitsi amene alemba ziganizo ziwiri pa bolodi, ca Cinyanja pamwamba ndi ca Cingerezi pansi, nafunsa ana kuti apeze okha kusiyana kwace, waphunzitsa galamala ndi kuganiza pa nthawi imodzi.

Palinso timau tating'ono timene timatembenuza funso lonse: "not," "except," "opposite," "same," "before," "after." Mwana angadziwe mau onse a m'funso, koma akalumpha "not" adzasankha yankho lotsutsana ndi lofunika. Akaona "opposite" naganiza kuti afuna liu lofanana, malikisi apita. Tipempha aphunzitsi kuti timau timeneti tilembedwe pa khoma la kalasi kuyambira m'makalasi apansi, ndi kuti ana azolowere kutilemba mzere kunsi pamene ali kuyeserera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana aphunzire kuwerenga funso kawiri, ndi kulinena m'mau ace ace asanayang'ane mayankho.

KWA APHUNZITSI NDI ATSOGOLERI

Tidziwa kuti aphunzitsi a kumidzi ali kusenza katundu wolemera. Makalasi adzaza, mabuku ndi ocepa, ndipo ena a iwo amakhala m'nyumba zosayenera. Tiwayamika cifukwa ca kudzipereka kwao. Komabe pali cizolowezi cimodzi cimene tifuna cisinthe. M'masukulu ena, temu yotsiriza ikafika, ana amapatsidwa mapepala a mayeso a zaka zapita, ndipo mphunzitsi amangowerenga kuti "funso loyamba B, laciwiri D," ana nacongana. Kumeneko ndi kuwerenga nkhuku za m'khola, si kuziweta. Mapepala akale ndi abwino, pakuti amazoloweretsa mwana maonekedwe a mayeso, kadetsedwe ka mayankho ndi kasungidwe ka nthawi. Koma phindu lace lenileni limabwera pamene mwana afunsidwa kuti, "Wasankha B cifukwa ninji? Nanga C walikana bwanji?" Mafunso asanu okambidwa bwino aposa mafunso 50 ongocongedwa. Ndipo mwana akalephera kufotokoza cifukwa cace m'Cingerezi, aloledwe kufotokoza m'cinenero ca kwao, pakuti cimene tifuna poyamba ndi ganizo. Cingerezi cidzabvala ganizolo pambuyo pace.

Cinanso ndi kuwerenga. Palibe mwana angakhale ndi mau ambiri a Cingerezi popanda kuwerenga tsiku ndi tsiku. Ena adzati kumudzi kulibe mabuku. Ndi zoona kuti ndi ocepa, koma zolembedwa ziripo. Pa thumba la feteleza pali Cingerezi, pa paketi ya mbeu pali malangizo, pa khadi la ku sikelo ya ana pali mau, ndipo mauthenga a pa foni amabwera masiku onse. Muuzeni mwana akuwerengereni ndi kumasulira. Inu mudzapindula, iyenso adzapindula. Nyuzipepala ino mukatha kuwerenga musakulungire fodya kapena kuyatsira moto. Mpatseni mwana awerenge tsamba lino la Cinyanja, kenaka ayese nkhani imodzi ya Cingerezi. Pa wailesi, amve nkhani m'Cinyanja pa Radio 1 ya ZNBC, amvenso za Cingerezi, ndipo afotokoze ngati zagwirizana. Asunge kabuku kolembamo mau atsopano, atatu pa tsiku, ndi ciganizo cimodzi pa liu liri lonse. Mau atatu pa tsiku ndi mau oposa 1,000 pa caka. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kwa makomiti a makolo ndi aphunzitsi, makhansala ndi makomiti a citukuko a m'mawodi tikuti: mu 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo madesiki ndi makalasi atsopano aoneka m'madera ambiri. Pokambirana zosowa za sukulu, musaiwale mabuku a nthano ndi madikishonale. Desiki lopanda buku ndi nkhokwe yopanda cimanga. Mabuku amene alipo asatsekeredwe m'kabati kuopa kuti angang'ambike. Buku long'ambika ndi manja a ana lagwira nchito yace, koma lodyedwa ndi ciswe m'kabati latayika cabe.

Kwa mafumu ndi anyakwawa tikuti: luso la cinenero limamangidwa monga khoma, njerwa pamwamba pa njerwa. Mnyamata amene akhala kubusa miyezi iwiri, kapena mtsikana amene asiyidwa pakhomo kulera ana pa nthawi yopalira, amabwerera m'kalasi khoma lace liri ndi mipata, ndipo mipata imeneyo imaonekera pa tsiku la mayeso. Mau a mfumu amamveka m'mudzi kuposa kalata ya mphunzitsi wamkulu. Thandizani kuti mwana ali yense akhale m'kalasi masiku onse a sukulu, mtsikana ndi mnyamata cimodzimodzi.

NJIRA YACIDULE KULIBE

Nyengo ya mayeso ikayandikira pamabuka anthu onena kuti ali ndi mapepala a mayeso a caka cimeneco, nafuna ndalama. Ticenjeza makolo kuti asataye ndalama za thonje ndi nshawa pa cinyengo cotere. Ambiri a mapepala amenewa ndi abodza, ndipo ngakhale atakhala oona, kuwagula ndi mlandu. Tikumbukire kuti mu Okutobala 2018 boma linaimitsa mayeso m'dziko lonse cifukwa pepala lina linatuluka nthawi isanakwane, ndipo ana osalakwa zikwizikwi anabvutika cifukwa ca umbombo wa anthu ocepa. Koposa apo, mwana wolowa Fomu 1 ndi mayankho akuba adzapeza kuti kumeneko sayansi, mbiri yakale ndi masamu zonse ziri m'Cingerezi, ndipo palibe womuuzira. Mayeso a Giredi 7 ndi mtsinje woyamba cabe. Kutsogolo kuli mayeso otsiriza sekondale, ndi ena amene ofuna maphunziro apamwamba kapena nchito amakumana nao, ndipo onsewo afuna munthu womva zimene awerenga.

Pansi pa ndondomeko yatsopano ija, maphunziro a pulaimale adzakhala a zaka zisanu ndi cimodzi, ndipo mayeso adzasamukira kumapeto kwa Giredi 6. Maina a mapepala angasinthe, koma kufunika kwa kuganiza ndi mau sikudzasintha, ndipo nthawi yokonzekera idzacepa ndi caka cathunthu. Cifukwa cace tikuti kwa inu amene muli ndi ana m'Giredi 1, 2 ndi 3: nthawi yanu ndi ino. Kuongola mtengo m'poyamba. Musayembekeze caka ca mayeso kuti mudzayambe kufunsa ngati mwana adziwa kuwerenga. Madzulo ano, nsima ikatha, muitaneni akhale pafupi, muponyereni cirapi cimodzi, ndipo akayankha mumufunse kuti wadziwa bwanji. Mawa mphunzitsi adzapitiriza pamene inu mwalekezera. Tikagwirizana motero, pakhomo ndi pasukulu, mwana wa kumudzi adzalowa m'cipinda ca mayeso wopanda mantha, adzamva funso, ndipo adzasankha yankho mwa nzeru zace.